Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wokumbukira riferendamu ya 1993

 

Pa 14 Juni 1993 ndinali pamzere pa sukulu ya pulaimale ya kwathu kusanache, chisanu chikuluma zala. Patsogolo panga panali gogo wina atafunda chitenje kumutu. Anatembenuka n'kundinong'oneza kuti, "Mwanawe, kodi Ngwazi sidziwa chimene ndasankha?" Mantha anali nawo ndithu, koma pamzere sanachoke.

Tsiku limenelo sitinasankhe munthu. Tinafunsidwa funso limodzi basi: tambala wakuda, kutanthauza chipani chimodzi, kapena nyali, kutanthauza zipani zambiri. Anthu oposa 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali, ndipo taonani zimene zinachitikira zipani. AFORD ya Chakufwa Chihana ndi UDF ya Bakili Muluzi, amene anali magulu chabe okakamiza boma kusintha, anasanduka zipani zovomerezeka. MCP, imene inkatigulitsa makhadi pakhomo pa msika, inayamba kuphunzira kupempha voti. M'chigawo chapakati ambiri anavotera tambala, ndipo n'kumene chipanicho chinatsamira mpaka chinaimanso.

Ndiye kuti zipani za lerozi tinazibala ndife. Koma mwana atakula anayamba kutseka chitseko makolo ali panja. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu amene wawataya nthawi yake isanathe. Mu 1995 aphungu analifafaniza osatifunsa. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Kwina anthu satsekeredwa panja chotere: ku Switzerland, Nyumba ya Malamulo ikapanga lamulo, anthu 50,000 akasaina m'masiku 100, lamulolo limapita kwa anthu kuti alivomere kapena alikane. Zipani kumeneko sizinathe ayi. Zimangodziwa kuti mwini munda akhoza kutulukira nthawi iliyonse, choncho zimafunsa maganizo a alimi, a mabungwe a antchito, ngakhale a otsutsa, lamulo lisanalembedwe.

A phungu athu, ndalankhula muli pompano dala. Mukabwerera ku Lilongwe, kadzutseni nkhani ya gawo 64 m'chipani chanu ndi m'Nyumbamo. Chaka chamawa tikadzakumana pabwalo pano tidzakufunsani kuti anakuyankhani zotani.