Helen Suzman: Zaka 36 za Mafunso m'Nyumba ya Malamulo



M'Nyumba ya Malamulo ya ku Cape Town, mayi Helen Suzman anakhalamo zaka 36 ngati phungu wa Houghton, kuyambira 1953 mpaka 1989. Nawonso anali mwana wa obwera, pakuti makolo awo anachokera ku Lithuania.

Kuyambira 1961 mpaka 1974 anali phungu yekhayo wa chipani cha Progressive. Mavoti ogwetsera lamulo analibe. Chida chawo chinali funso. Ndi angati amangidwa chifukwa cha chitupa? Ndi angati asamutsidwa mokakamiza? Nduna zinkayankha monyinyirika, koma yankholo linkalembedwa, manyuzipepala n'kulisindikiza.

Ena anawadzudzula pokana kuti maiko alange boma la tsankho pa zachuma, ndipo chidzudzulocho ine ndimachimvetsa. Komabe dzina lawo likutikhudza mpaka lero. Mu June 2023, pa mlandu umene bungwe la Helen Suzman Foundation linakasuma, khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti boma linaphwanya lamulo pothetsa ziphaso za ZEP za anzathu a ku Zimbabwe lisanamve maganizo awo.