CIMBUDZI COYERA CA MWANA WAKHANDA

Amai ambiri a ku Kafue, ndi a m'makomboni a ku migodi omwe, amabvutika mtima akaona cimbudzi ca mwana cabiriwira. Kawirikawiri palibe coopsa. Khanda limaturutsa cakuda ngati phula masiku awiri kapena atatu oyamba. Loyamwa bele limaturutsa cacikasu. Ndipo mwana akayamba kudya cibwabwa kapena repu, masambawo amaonekera pa thewera. Mankhwala oonjezera magazi nawonso amacidetsa.

Coopsa ceniceni ndico cija anthu sacita naco mantha: cimbudzi cotuwa mbuu ngati phulusa. Mtundu wa cimbudzi ucokera ku ndulu imene ciwindi cimatsanulira m'matumbo, ndipo mwa makanda ena njira ya nduluyo imatsekeka. Mwana wotere amayamwa bwino, saoneka wodwala, ndipo agogo ace amati ndi mkaka cabe. Komatu maso ace amakhalabe acikasu atapyola masabata 2, mkodzo uli woderako ngati tiyi, ciwindi cirikuonongeka mwakacetecete.

Dotolo wa ku Japan, Morio Kasai, anabukitsa m'caka ca 1959 opaleshoni yolumikiza thumbo ku ciwindi kuti ndulu ipeze poturukira. Imathandiza koposa ikacitika mwana asanakwanitse miyezi 2. Kucokera ku Kafue kufika ku University Teaching Hospital ku Lusaka ndi makilomita ngati 45 okha. Cotero mai amene waona cimbudzi coyera atenge mwana ndi thewera lomwelo, napite ku kiliniki tsiku lomwelo, osayembekeza tsiku la sikelo. Cimbudzi ca magazi naco sicifuna kuyembekeza mawa.