Makina Akale Ochekera Matabwa: Tiwasamale, Boma Litimve

 

Ife tikuyankhula m'malo mwa alimi a kuno ku Naisi amene tinabzala bulugama, paini ndi malaina m'malire mwa minda yathu. Nkhani yathu ndi ya makina oyendera petulo aja odulira mitengo ndi kucheka matabwa. Pagulu lathu makinawa ndi owerengeka, ndipo onse ndi okalamba. Ena ndi Husqvarna 61 ndi 272, ena ndi Stihl 070 olemera aja. Ambiri anabwera ndi ana athu pochokera ku Joni, atagwira kale ntchito kwa eni ake oyamba.

Mwina mufunsa kuti tikukakamiriranji zinthu zakutha. Mlimi akagulitsa bulugama ali chiimire, ndalama amatchula ndi wogula, ndipo zaka zonse zosamalira zija zimathera pa ndalama yosakwana thumba la feteleza. Koma akacheka yekha n'kukagulitsa matabwa kwa akalipentala a pa Songani kapena m'tauni ya Zomba, phindu limatsala pakhomo. Makina atsopano sitingawakwanitse. Choncho akale omwewa akafa, tabwerera m'manja mwa mavenda.

Chimene chapha makina ambiri kuno ndi mafuta. Injini zimenezi zilibe posungira oyilo, zimadalira amene tasakaniza mu petulo. Oyilo weniweni wa 2T amafunika mamililita 100 pa malita 5 a petulo, ndipo mabuku a makina ena akale amanena mamililita 200. Koma anzathu ena amayeza ndi maso. Oyilo akachepa pisitoni imakandika, injini n'kugwira, ndipo kukonza kwake n'kodula kuposa oyilo wa chaka chonse. Tidziwenso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga mu 1982, ya ku Chikwawa mu 2004. Ethanol amakoka chinyezi ndi kuumitsa timalabala ta mu kabuleta, makamaka pa makina akale. Ndiye tikamapachika makina kuti tiyambe zakumunda, tizikhuthula thanki n'kuliza injini mpaka izime yokha. Mukawasunga ndi petulo dzinja lonse, mudzakoka chingwe mpaka phewa kuwawa osalira.

Oyilo wakuda wotsala m'galimoto tisamathire ku tcheni. Muli tizitsulo tomwe timadya pampu, ndipo amadetsa matabwa. Sefa ya mpweya tiziyeretsa madzulo aliwonse, chitsulo choyendamo tcheni tizichitembenuza kuti chizitha mofanana mbali zonse. Tcheni chikayamba kutulutsa utuchi wosalala ngati ufa m'malo mwa tizibenthu, imani munole, musakanikize ndi mphamvu.

Tsopano za kusintha makina, pomwe pali zabwino ndi zoopsa. Tcheni chogula m'sitolo chimanoledwa pa madigiri 30, chifukwa anachipangira kudula mtengo mopingasa. Pocheka matabwa m'litali, mano ake azinoledwa pa madigiri pafupifupi 10, thabwa limatuluka losalala. Kusintha kwina kumene tikulimbikitsa ndi felemu yachitsulo yomangirira ku chitsulo cha tcheni, imene owotcherera zitsulo angathe kupanga. Imayenda pamwamba pa chipika, ndipo matabwa onse amatuluka okhuthala mofanana. Tisaiwale kuti tcheni chimadya pafupifupi sentimita imodzi paliponse pamene chadutsa. Tikawonjezera kupotoka kwa kucheka ndi manja okha, gawo lalikulu la mtengo limathera ku utuchi ndi kwa kalipentala popala.

Koma pali kusintha kumene tikuti kutheretu. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kamutu kachitsulo komwe kamaletsa dzinolo kuluma kwambiri. Kamayenera kutsika pang'ono chabe, mamilimita 0.65 kunsi kwa dzino. Anyamata ena amatupa timituti mpaka kutha kuti ati makina azithamanga. Ena buleki ya tcheni ikathyoka amangoichotsa, pamene Stihl 070 zambiri zakale zilibe n'komwe bulekiyo. Makina otere nsonga yake ikagunda nthambi amadumphira kwa mwini wake. Mmodzi wa mamembala athu anagona m'chipatala milungu ingapo chifukwa cha zimenezi, ndipo munda wake chaka chimenecho analima ndi mkazi wake yekha. Tisamabwereke makina kwa munthu amene sanaphunzire, ngakhale akhale mlamu.

Alangizi athu, tikudziwa chimene mumaganiza mukamva makinawa akulira. Nafenso maso tili nawo, tikuona mmene mapiri a Zomba ndi Malosa ayerera. Agogo athu ankatisimbira za Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinamuona tokha. Phiri likatha mitengo, oyamba kukokoledwa ndife a m'munsi muno, ndipo mtsinje wa Domasi ukaphwa anzathu olima mpunga kumunsi adzaloza ife. Wakuba mitengo m'nkhalango ya boma sitikumuikira kumbuyo. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ligwire ntchito pa iye.

Koma lamulo lomwelo la 1997 limavomereza kuti munthu amene wasamalira mtengo pamalo ake ndiye mwini mtengowo, ndipo angathe kuukolola mosamala. Pempho lathu n'lakuti mlimi wocheka bulugama wake asamaonedwe ngati mbava. Tikupempha nthambi ya zankhalango kuti zikalata zonyamulira matabwa zizipezeka pafupi, kudzera mwa mlangizi wa dera lino pamodzi ndi umboni wa mfumu, osati kuyenda maulendo atatu kuboma. Tikupemphanso maphunziro a kanoledwe ka tcheni ndi kagwetsedwe ka mtengo, komanso kuti boma liganizire zochepetsa msonkho pa zipangizo monga tcheni, mapulagi ndi zovala zodzitetezera.

Kumbali yathu, tagwirizana kulemba m'kaundula makina onse a mamembala ndi mayina a eni ake, ndipo kaundulayo azikhala kwa mfumu kuti alangizi azimuona nthawi iliyonse. Aliyense wodula mtengo umodzi abzala khumi nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala. Amene muli ndi makina, tikumane pompano msonkhano ukatha, mlembi ali ndi buku.