MAGAZI ATHU NDI NTHENDA YA SHUGA

 Madzulo ano tikambirana za nthenda ya shuga.

Nthenda imeneyi idya munthu mwakacetecete monga ciswe m'nsanamira. Iononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi. Koma cozizwitsa ndi ici: anthu awiri angadwale zaka zofanana, wina nacita khungu, mnzace napenyabe kufikira ukalamba. Kodi dokotala angadziwiretu bwanji amene ali pangozi?

Poyamba apima mkodzo. M'caka ca 1982 madokotala a ku Guy's Hospital, mu London, anaonetsa kuti albumin wocepa wotulukira mu mkodzo ndiye mthenga wa impso zimene zirinkuonongeka, mwini wace asanamve kuwawa konse. Ndipo mu 1989 ofufuza a ku Minnesota anapeza kuti bvutoli liyenda m'banja: ngati mbale wanu wa bere limodzi anaonongeka impso ndi shuga, inunso mukadwala shuga muyenera kucenjera koposa.

Tsono mvetsetsani za muyeso wochedwa HbA1c, umene Dr. Samuel Rahbar anaupeza wokwera mwa odwala shuga mu 1968. Shuga amamatira ku maselo ofiira a m'magazi, ndipo popeza maselowo akhala moyo masiku ngati 120, muyesowu uulula m'mene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu. Munthu sangaunamize posala nsima dzulo lace! Mu 2011 bungwe la WHO linabvomereza kuti ukafika pa 6.5, ndiye kuti nthenda ilipo.

Apa ndipo pali nkhani yokhudza ife eni. Mwa timbewu ta cibadwa timene tilandira kwa makolo, tochedwa majini, muli kena kochedwa G6PD. Anthu ambiri a m'maiko a malungo ali nako kofooka, cifukwa kufookako kunachinjiriza makolo athu ku malungo. Koma maselo ofiira a munthu wotere safika masiku 120. Afa msanga, shuga asanamatire mokwanira. Mu 2017 ofufuza anapeza kuti mwa amuna otere a mtundu wa ciAfirika ku America, muyeso uja utsika ndi 0.8. Musacepetse nambalayi ai. Munthu woyenera kuonetsa 7 aonetsa 6.2, nauzidwa kuti apite kwao ali bwino, pamene ciswe cirinkudyabe. Ndipo mu 2024 kafukufuku wina anaonetsa kuti odwala shuga okhala ndi cibadwa cimeneci aonongeka maso kawirikawiri koposa anzao.

Ine ndiganiza kuti si bwino kuti miyeso yoyesedwa makamaka pa Azungu itengedwe ngati yokwanira anthu onse, ngakhale iri yothandiza ndithu.

Cotero inu odwala shuga, mukapita ku cipatala musakhutire ndi HbA1c yekha. Pemphani kuti akubayeninso ku cala m'mamawa musanadye kanthu, apime mkodzo wanu, ndi kuyang'ana m'maso mwanu kamodzi caka ciri conse. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata ya mawa.