Munthu Amene Ali Kuseri kwa Maikolofoni

 Inu amayi muli pamoto, inu bambo muli pa chiwongolero, iwe mnyamata wagoneka foni pachifuwa ukumvera uli gone, takulandirani. Kweza pang'ono wailesiyo, chifukwa lero tikamba za wailesi yeniyeniyo, ndi za anthu amene amakhala kuseri kwa maikolofoni.

Ndikutengerani kutali, ku America, zaka za m'ma 1950. Musanene kuti abusa asochera lero. Khalani nane.

Mu 1951, mumzinda wa Cleveland munali muulutsi wina dzina lake Alan Freed, pa wailesi yotchedwa WJW. Masiku amenewo ku America tsankho linali pa chilichonse, ngakhale pa nyimbo. Nyimbo za anthu akuda zinali ndi malo ake, za azungu malo ake. Freed, mzungu, anayamba kuika mbale za oimba achikuda usiku, ndipo ndiye anatchukitsa dzina loti rock and roll. Iyeyu sankaulutsa mwaulemu ngati owerenga nkhani ayi. Nyimbo ili mkati, maikolofoni ali otsegula, iye akukuwa, akuliza belu la ng'ombe, akumenya buku la manambala a telefoni ndi dzanja ngati ng'oma. Makolo akugona, ana ali pansi pa bulangete ndi wailesi.

Mphamvu yake inaoneka pa 21 March 1952. Anakonza dansi m'holo ina ya mumzindamo yolowa anthu pafupifupi 10,000. Anthu anabwera kuwirikiza kawiri. Zitseko zinathyoka, ndipo akuluakulu a mzinda anaimitsa dansiyo itangoyamba kumene. Munthu mmodzi, abale, wongolankhula m'kachipinda kotseka, wosaoneka nkhope, wadzutsa khamu lotere. Mukundimva?

Ku Memphis kunali wina, Dewey Phillips, pa wailesi ya WHBQ. Ameneyu ndiye anali wosagwirika. Amalankhula ngati mvula ya matalala pa malata, amaimba limodzi ndi mbale, amadula nyimbo pakati ngati yamutopetsa. Mu July 1954 anamupatsira mbale ya mnyamata wosadziwika woyendetsa lole, iye n'kuiika mobwerezabwereza usiku umodzi womwewo, matelefoni akungolira. Anaitanitsa mnyamatayo ku situdiyo namufunsa kuti anaphunzira sukulu iti. Funsolo linali la dala. Popeza sukulu zinali zosiyana ndi khungu, dzina la sukulu lokha linauza mzinda wonse kuti woimbayo ndi mzungu. Mnyamatayo anali Elvis Presley. Ndipo mwina simudziwa, Elvis anakulira mu mpingo wa Assemblies of God. Jerry Lee Lewis nayenso chimodzimodzi, ndipo anali pachibale ndi mlaliki Jimmy Swaggart. Ambiri mwa ana amenewa anaphunzira kuimba pa benchi ya tchalitchi cha Pentekosite ngati chathu chomwechi. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina, koma isungeni.

Tsopano ndikufuna mumvetse mmene ndalama zinkayendera, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Kampani yajambula nyimbo. Kuti mbale igulidwe, anthu aimve kaye. Aimva kuti? Pa wailesi. Ndani asankha nyimbo yoti ilire? Muulutsi. Basi, mwaona kale. Munthu mmodzi wakhala pa chipata, ndipo kuseri kwa chipatacho kuli achinyamata mamiliyoni ndi ndalama zawo m'matumba. Ndiye makampani anayamba kubwera ndi ma envulopu. Wina ndalama, wina mabotolo a mowa, wina ulendo waulere. Ena ankalembedwa dzina pa nyimbo ngati anapeka nawo, chikhalirecho sanalembe ngakhale liwu limodzi, kuti mbale ikamagulidwa nawonso azidya. Dzina la Alan Freed linalembedwa choncho pa nyimbo ya Chuck Berry yotchedwa Maybellene. Mchitidwe umenewu anautcha payola. Ife kuno timangoti ziphuphu.

Mu May 1959 aulutsi oposa 2,000 anasonkhana ku Miami Beach pa msonkhano wawo. Makampani a nyimbo ndiwo analipira zambiri. Zimene zinachitika m'mahotela kumeneko sindingazifotokoze zonse pa wailesi ino, pali ana akumvera. Nyuzipepala zinalemba za mowa, za akazi ndi za ziphuphu, ndipo dziko lonse linawerenga. Pasanathe chaka, Nyumba ya Malamulo ya America inayamba kuitana aulutsi mmodzimmodzi kuti afotokoze, ndipo mu 1960 anakhwimitsa lamulo: ukalandira malipiro kuti uike nyimbo, uuze omvera.

Imani pomwepo. Taonani chimene lamulolo linagwira. Silinaletse nyimbo. Silinaletse ngakhale kulipira. Linagwira chinsinsi. Mwana uja ali pansi pa bulangete amakhulupirira kuti mnzake wa pa wailesi waika nyimboyi chifukwa waikonda. Sakudziwa kuti envulopu ili m'thumba la jekete. Chimene ankagulitsa aulutsi aja si mphindi zitatu za nyimbo ayi. Ankagulitsa chikhulupiriro cha omvera, chinthu chimene sichinali chawo.

Nkhani imeneyi ndi yakale kuposa wailesi. Mukatsegula buku la Numeri, kuyambira mutu 22, mupeza munthu wotchedwa Balamu. Balamu analibe gulu la nkhondo. Analibe ufumu. Anali ndi pakamwa basi, ndipo anthu ankadziwa kuti mawu ake amagwira ntchito. Mfumu Balaki ya ku Mowabu itaona ana a Israele achuluka pafupi ndi dziko lake, siinayambe ndi kunola mikondo. Inatumiza akuluakulu ndi malipiro m'manja kuti akagule pakamwa pa Balamu. Atakana, inatumiza ena olemekezeka kuposa oyamba. Ndi mmene amachitira, abale. Ukakana envulopu yaing'ono sakwiya, amangobwera ndi yaikulu. Ndipo Balamu, pakamwa akukana, miyendo inali itayamba kale ulendo. Mpaka bulu, bulu weniweni, anaona mngelo panjira pamene mneneri sakuona kanthu. Aleluya! Ndalama ikalowa m'maso, ngakhale bulu amakuposa kuona.

Tibwerere ku America. Mu November 1959 wailesi ya WABC ku New York, kumene Freed anali kugwira ntchito pa nthawiyo, inamupatsa chikalata choti asaine kuti sanalandirepo ziphuphu. Anakana kusaina, ntchito inatha. Mu 1962 anavomera mlandu kukhoti. Chindapusa chake chinali madola 300 okha. Mukumva? Madola 300. Koma dzina linali litapita. Mawailesi akuluakulu anatseka zitseko, a misonkho anayamba kumulondola, ndipo makampani aja amene ankamutsegulira mabotolo anapeza ena owatsegulira. Iye anatsala ndi botolo lokhalo. Anamwalira pa 20 January 1965 ku California, chiwindi ndi impso zitawonongeka ndi mowa. Zaka 43.

Dewey Phillips wa ku Memphis uja, wailesi itasintha kachitidwe n'kuyamba kufuna aulutsi otsata ndandanda ya nyimbo yolembedwa ndi mabwana, iye sanakwanemo. Anamuchotsa mu 1958. Anayendayenda m'mawailesi ang'onoang'ono, mowa ndi mapilitsi opha ululu zikumudya pang'onopang'ono. Anamwalira mu 1968 ali ndi zaka 42. Munthu amene anatsegulira Elvis chitseko.

Pano ndinene chilungamo, chifukwa mlaliki wonama pa mbiri ya munthu wakufa ndi wonamabe. Alan Freed sanali yekha wolandira, ndipo sanali woipitsitsa. Ambiri ankalandira. Wina wotchuka, Dick Clark, anagulitsa msanga magawo ake m'makampani a nyimbo, anakaonekera ku Nyumba ya Malamulo atavala bwino, akulankhula mofatsa, ndipo anapitiriza ntchito zaka makumimakumi. Freed anali ndi adani ena amene nkhani yawo siinali ziphuphu. Mu 1957 pulogalamu yake ya pa TV inathetsedwa chifukwa woimba wachikuda, Frankie Lymon, anaoneka akuvina ndi mtsikana wachizungu. Anthu amene sanamukhululukire pa zimenezo anali akungodikira. Ndipo iye anawapatsa yekha ndodo yomumenyera. Ine ndikamaganiza za munthu ameneyu, chimandipweteka ndi chimenechi. Anachita chinthu chabwino, anatsegula chitseko chimene tsankho linatseka, koma envulopu inapatsa adani ake chonena.

Tsopano ndifike pamene ena a inu simukondwera napo. Mwakhala mukugwedeza mutu kuti eya, anthu a nyimbo zachikunja, ndi mmene amathera. Dikirani.

Kumalire a America ndi Mexico, tsidya la mtsinje wa Rio Grande, m'tauni ya Ciudad Acuña, kunali wailesi yotchedwa XERF. Ku America lamulo silinkalola wailesi kupitirira mphamvu ya mawati 50,000. Iyi inali ku Mexico, ndiye inkaulutsa ndi mawati 250,000, kuwirikiza kasanu. Usiku inkamveka mbali yaikulu ya America yense. Kumeneko m'zaka za m'ma 1960 kunatchuka mnyamata wa ku Brooklyn, Robert Smith, amene anadzitcha Wolfman Jack. Mawu okhakhala ngati wameza mchenga, akulira ngati chilombo cha m'thengo pakati pa nyimbo, ndipo kwa zaka zambiri omvera sankadziwa nkhope yake, ena osadziwa n'komwe ngati ndi mzungu kapena wakuda.

Koma mukudziwa amene ankagula nthawi yambiri pa wailesi imeneyo? Alaliki. Inde, alaliki. Pa mlongoti womwewo, usiku womwewo. Mlaliki amalize, chilombo chiyambe kulira. Ndipo pa mawailesi a m'malire amenewo zonse zinali pamsika: mankhwala ochiza chilichonse, anapiye otumiza pa positi, ndi tinsalu topemphereredwa, bola utumize ndalama. Ena mwa alalikiwo anali anthu a Mulungu oona, sindikuwaika m'thumba limodzi. Koma ena, kusiyana kwawo ndi aulutsi a payola kunali Baibulo pa tebulo basi.

Ndiye ndikufunsa ife a maikolofoni a lero, ine ndili momwemo. Amayi a kumudzi agulitsa nkhuku yawo kuti atumize ndalama pa foni chifukwa wawauza kuti mwana wawo sachira popanda mbewu, iwe wasiyana pati ndi munthu wa envulopu? Uja ankagulitsa nyimbo ya mphindi zitatu. Iwe ukugulitsa dzina la Yesu. Elisa anachiritsa Namani khate nakana mphatso zake zonse. Wantchito wake Gehazi anathamangira galeta kumbuyo, nanama m'dzina la mbuye wake, nalandira siliva ndi zovala. Anabwerera ndi katundu, inde, komanso ndi khate lomwe lija. Nenani Amen ngakhale zikuwawa.

Ndipo iwe mnyamata, iwe mtsikana, amene umalota kukhala DJ kapena muulutsi, sindikukuletsa. Ntchito imeneyi ndi yabwino. Davide ankaimbira Sauli zeze ndipo mzimu woipa unkachoka. Vuto silinali pa gitala. Achikulire amene ankasaka LM Radio ya ku Lourenço Marques usiku, isanatsekedwe mu 1975, akhoza kukuuza kukoma kwa mawu ochokera kutali m'kabokosi kakang'ono. Koma dziwa mmene ntchitoyi imadyera munthu. Umagwira usiku, anzako akugona. Kwa maola atatu anthu zikwizikwi akukukonda, akuimba foni, akutchula dzina lako. Kenako nyali yofiira ija imazima. Umatuluka panja, kuli zii, ndiwe wekha, ndipo thupi likufunabe phokoso lija. Apa ndi pamene botolo limalowera. Apa ndi pamene amalowera anthu okumwetulira amene sakukonda iwe, akukonda chipata chimene wakhalapo. Woimba adzakuitanira pambali kuti achimwene, nayi ya fanta, nyimbo yanga izilira. Ndalama yake idzaoneka yochepa, yosavulaza munthu. Freed nayenso ankati zake ndi mphatso chabe za anthu oyamikira, ndi malipiro a upangiri.

Funso loti udzifunse ndi lophweka. Kodi chimene ndalandirachi ndingachinene pa maikolofoni omvera onse akumva? Ngati ungathe, landira. Ngati ukufuna maikolofoni atsekedwe kaye, ndiye kuti bulu waona kale mngelo.

Alan Freed atamwalira, thupi lake linawotchedwa monga amachitira ena kumeneko. Mu 2002 phulusa lake analitengera ku Cleveland, ku nyumba yosungirako mbiri ya nyimbo za rock yotchedwa Rock and Roll Hall of Fame, nyumba imene inamangidwa mumzindawo mwa zina chifukwa cha dzina lake. Linakhala m'menemo zaka 12. Mu 2014 oyang'anira nyumbayo anapempha banja lake kuti lidzatenge phulusalo. Ana ake anakaliika kumanda a Lake View mumzinda womwewo, pansi pa mwala wosemedwa ngati makina oimbira mbale.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, Ambuye akalola, tidzatenga nkhani ija ndakuuzani kuti muisunge, ya ana amene anaphunzira kuimba m'tchalitchi cha Pentekosite, ndi zimene mpingo unachita nawo atakula. Musadzaphonye, ndipo mudzaitane a kwaya anu adzamvere nawo.