Za Abale Athu a ku Knysna ndi Thumba Lathu la Maliro

Ndaima pamaso pa bungwe lathu monga mthenga amene munamtuma ku Knysna, ndipo mthenga, ngakhale mawu ake akhale owawa, sabisa zimene maso ake aona.

Mukukumbukira tsiku lija Lachitatu pa 7 June 2017, pamene ife kuno ku Cape Town tinali kugwira malata a nyumba zathu kuti namondwe asapite nawo. Chimphepo chomwecho, chitafika ku Knysna chopanda mvula, chinapeza tchire louma gwa chifukwa cha chilala, ndi nkhalango za paini zimene zimayaka ngati zathiridwa palafini, nichinyamula malawi kuwaolotsa misewu ndi zigwa kufikira ku Plettenberg Bay. Ife tinakula tikuona moto wolusa wa osaka mbewa, ndipo ena a inu munauonapo ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba, koma uwu sunali wozima ndi nthambi zaziwisi. Anthu 7 anataya miyoyo yawo, anthu pafupifupi 10,000 anathawa m'nyumba zawo, ndipo moto sunasankhe nkhope, pakuti unanyeketsa nyumba zosanja za ku Belvidere ndi ku Brenton-on-Sea monga momwe unanyeketsera timisasa ta malata ta ku White Location.

Tsono pamene nyuzipepala zinali kuwerenga nyumba zimene zinapsa, sizinawerenge kachipinda ka kuseri kwa nyumbazo, momwe amagona wolima maluwa, wophika ndi wolera ana. Ndipo inu mukudziwa bwino kuti ambiri ogona m'tizipinda totere ndife Amalawi. Ndinapita ndi mbale wina wa kwathu kunyanja pamalo pamene wakhala akugwira ntchito zaka zambiri, ndipo ndinamuona akufukula phulusa ndi kamtengo mwakachetechete, napeza mawaya a matiresi, mpoto wopindika ndi chitini chakuda bii, chimene atachitsegula munali zipsepse zokhazokha za pasipoti yake ndi za ndalama zimene anali kusungira malata a nyumba ya amake. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga kumudzi ndikanena chiyani?" Bwana wake, yemwenso nyumba yake inapsa, ali ndi inshuwalansi ndiponso abale omulandira, pamene mbale wathuyo usiku umodzi womwewo anataya pogona, ntchito ndi chiphaso chosonyeza kuti iye ndi yani.

Ndisanamize anthu a dziko lino: achita zazikulu. Mipingo yatsegula zitseko zake, a Gift of the Givers, amene timawadziwa ndi kwathu komwe pa nthawi ya madzi osefukira, afika ndi mabulangete, madzi ndi chakudya, ndipo zovala zaunjikidwa milumilu m'maholo. Koma wolandira thandizo amayamba walembetsa dzina, ndipo munthu amene mapepala ake anapsa, kapena amene anatha masiku moto usanabwere, amaopa kaundula koposa njala. Wina amangochita manyazi, poti anachoka kwawo kudzathandiza ena, osati kudzaima pamzere ndi mbale m'manja. Oterewa sabwera okha. Ayenera kufunidwa ndi munthu wolankhula chinenero chawo, amene angawaperekeze kupolisi kukalumbira kuti pasipoti inapsa, nawauza njira ya ku ofesi za kazembe wathu ku Pretoria ndi ku Johannesburg, ulendo umene ndi wautali ndi wofuna ndalama ya basi imene iwo alibe.

Apa ndipo pali mawu amene ndadzera. Thumba lathu tinalikhazikitsa chifukwa cha maliro, kuti mwana wa Malawi akatsikira kuli chete kuno kuchilendo, thupi lake likagone pakati pa makolo ake, ndipo ntchito imeneyi taigwira mokhulupirika, moti palibe angatiloze chala. Koma ndadzifunsa m'njira monse pobwerera kuti, kodi ndife abale a mtundu wanji ngati tingathe kusonkha marandi zikwizikwi kunyamula mtembo kudutsa malire a maiko, koma tilephera kugulira bulangeti munthu wamoyo amene akugona pa simenti m'mwezi uno wachisanu? Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, sanati udikire apse yense kuti ukamuike mwaulemu.

Ndikudziwa kuti a msungichuma ayamba kale kugwedeza mutu, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa thumba lotsegulidwa pa dandaulo lililonse silichedwa kuphwa, ndipo imfa siidzatichenjeza. Chifukwa chake sindipempha kuti tikhudze ndalama za maliro. Ndipempha thumba lachiwiri la pangozi, lokhala ndi buku lakelake ndi anthu atatu osayinira, mmodzi mwa iwo akhale mayi, pakuti amayi ndiwo adziwa zimene banja lopserera lisowa poyamba. Ndipemphanso kuti amene muli ndi malo, ngakhale a mphasa imodzi, mulandire mbale kwa mwezi. Amene mwamva za ntchito kwa mabwana anu, munene. Ndipo tikafika kumeneko ndi katundu, Mzimbabwe kapena Mxhosa woyandikana ndi mbale wathu tisamulumphe, popeza anathawa moto umodzi.

Galimoto ya mmodzi wa ife inyamuka Loweruka mbandakucha kudzera msewu wa N2. Zovala zikhale zochapa ndi zopinda bwino, nsapato zomangidwa ziwiriziwiri, ndipo ufa, mapoto ndi mabulangete ndizo zifunika koposa. A mlembi ali pakhomo paja ndi buku, ndipo tifuna anthu awiri odzipereka kupita nawo.