Tsekani Khomo la Kompyuta ya Kalabu

Lero tinene za kompyuta yosunga kaundula wa ngongole za feteleza, imene mlembi wa kalabu amalowamo ali kutali, podzera pa khomo la SSH, nambala 22. Mbala zake sizibwera ndi miyendo ai. Zituma makina oyesa mau achinsinsi usiku wonse, monga fisi wozungulira khola kufuna mtengo wofumbwa. Mau onga 123456 ndiwo ayamba kuyesedwa. Zikalowa, wobweza kale ngongole angaoneke ngati sanabweze.

Muuzeni mlembi aleke mau achinsinsi, azilowa ndi kiyi ya SSH. Aletse kulowa ndi dzina la root, aikenso fail2ban, mlonda wopirikitsa aliyense wolakwitsa kasanu. Ndipo inu mafumu, mlembi akasiya ntchito, kiyi yake ichotsedwe tsiku lomwelo.